Kathumba ka pakhosi pa Che Avelino

1

Dzina langa ndine Swadick, wa ku Lungwena, ndipo ndinakhala kundende zaka zisanu chifukwa cha nkhalamba imene ndinaiphwanya ndi nkhafi dzuwa likuswa mtengo. Sindikubisa kanthu. Ena anangoponyapo miyala, koma woitana anthu ndinali ine, woyamba kumenya ndinali ine.

Ndinakula ndi mtima wapachala. Amayi anga Abiba, amene pamudzi ankangoti Abiti Sumani, ankanena kuti ndikakwiya makutu anga amatseka. Padooko alovi, asodzi anzanga, anandipatsa dzina loti Mwera, mphepo yaukali ya panyanja ija, ndipo ine m'malo mochita manyazi ndinkalinyadira. Bambo anga Che Hafiz anamwalira ndili mu sitandade 4, motero panalibe wondigwira dzanja ndikayamba zanga.

Nkhalamba ndikunenayi inali Che Avelino. Anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Amayi anawapatsa kangodya ka munda wathu, kuseri kwa mtengo wa mango, iwo n'kumangapo kanyumba kaudzu. Mkazi analibe, abale analibe, kumzikiti sankapita chifukwa anali Mkatolika. Ankadya za kusoka maukonde.

Chimene chinkandinyansa ndi maso awo. Ndikusewera mpira, ali chiimire patali, maso pa ine. Tsiku limene ndinatuluka ku jando, anthu akuvina ndi kululutira, iwo anaima kuseri kwa mpanda misozi ili chuchuchu ngati pamaliro. Anzanga ankandiseka kuti mfiti ija yandisankha, ikungodikira kuti ndinenepe. Tsiku lina Che Avelino anandisemera kabwato koseweretsa, ine n'kukaponda pamaso pawo mpaka kusweka. Amayi anandiwomba khofi tsiku limenelo, ndipo ndi khofi lokhalo limene anandimenyapo moyo wawo wonse.

Nditakula ndinkawanyoza poyera. Ndinkadziguguda pachifuwa kuti ine mchombo wanga unakwiriridwa pakhomo pano, nanga obwera ngati inu wanu uli kuti? Ankangogwira pakhosi pawo n'kupitiriza kusoka.

2

Pakhosi pamenepo pankalendewera kathumba kakuda, kakang'ono ngati chala chachikulu, komangidwa ndi ulusi wa ukonde. Sankakavula. Ngakhale posamba kunyanja ankakakwezera pamutu kuti kasanyowe.

Mudzi wonse unkati ndi chithumwa. Ukonde wa chilimira ukabwera wopanda usipa, ankati ndi kathumba kaja. Ng'ona itagwira mayi wina akuchapa, ankati ndi kathumba kaja. Amene ankawaikira kumbuyo anali amayi ndi achemwali anga a Yasmin, amene amandiposa ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwezi wa Ramadani amayi ankawatumizira futari, chakudya chomasulira kusala, tsiku lililonse, munthu woti sasala n'komwe. Ndikafunsa chifukwa chake ankangoti ndi munthu wathu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndinakwatira Shakila wa ku Nkope. Akwawo ankafuna ndikakhale mkamwini, ine ndinakanitsitsa kuti sindingasiye dothi limene lili ndi mchombo wanga, ndipo ndinamutengera kwathu. Mwana wathu woyamba anabadwa atafa kale. Wachiwiri anakhala masiku awiri okha. Ndinamunyamula m'manja mwanga atakulungidwa m'sanda yaing'ono ngati mpango, ndipo pobwera kumanda mtima wanga unali kufuna munthu woti ndimulume.

Munthuyo anapezeka msanga. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti m'mawa wa tsiku limene mwana anamwalira anaona Che Avelino ataima kuseri kwa nyumba yanga, dzanja pa kathumba, milomo ikugwedezeka. Ndinathamangira kwawo, ndinawagwira pakolala n'kuwakweza m'mwamba, poti anali opepuka ngati nkhuku.

"Munkachita chiyani kuseri kwa nyumba yanga?"

"Ndinkapempherera mwana."

"Mwana wa ndani? Akukukhudzani chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinawakankhira pa mulu wa maukonde n'kuwauza kuti tsiku lina ndidzakang'amba kathumbako mudzi wonse ukuona.

3

M'chaka cha 2019 amayi anagwa akupeta mpunga, mbali imodzi n'kufa ziwalo. Kuchipatala anati palibenso chimene angachite, tinabwera nawo kunyumba. A Yasmin anatseka geni yawo ya zitenje ku boma n'kubwera kudzawadwazika.

Masana ena amayi anayamba kuvutika kupuma. Ndinkayembekeza kuti aitanitsa ashehe, koma dzina limene linatuluka pakamwa pawo popotoka paja linali la Avelino. Nkhalamba ija italowa, amayi anakweza dzanja lawo lamoyo n'kundilozera khomo. Ine mwana wawo wamwamuna nditulukemo, obwera atsale! Ndinatuluka magazi akuwira, koma sindinapite patali. Ndinazungulira n'kukasuzumira pazenera.

Zimene ndinaona ndi izi. Che Avelino anagwada pambali pa mkeka, anavula kathumba kaja, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo chibadwire, n'kukaika m'dzanja la amayi. Amayi anakafumbata, anakagunditsa pachifuwa pawo, ndipo onse awiri ankalira. A Yasmin anali ataphimba nkhope ndi mpango. Mawu sindinamve. Kenako nkhalamba ija inatenganso kathumba kake n'kuvala.

M'mawa mwake, titangotha swala, pemphero lathu la m'bandakucha, amayi anatsikira kuli chete. Tinawaika tsiku lomwelo. Ndinalowa m'manda ndi amalume kukawalandira, ndipo potuluka ndinaona Che Avelino ataima kutali kunja kwa manda, dzanja lili pakhosi pompaja. Kwa ine mlandu unali utatha kale. Ana anga awiri, tsopano amayi.

Tsiku lachitatu a Yasmin ananyamuka m'mamawa kukagula mpunga ndi shuga wa sadaka ku boma. Asanakwere kabaza anandigwira mkono, anati akabwera tikhale pansi awiri, amayi anawasiyira mawu oti andiuze. Anandichondereranso kuti ndisachite chilichonse iwo asanabwere. Ine ndinaganiza kuti akufuna kunena za munda, kuti obwera uja apatsidwe malo mpaka kale. Ndinangovomera ndi mutu kuti achoke msanga.

4

Ndinapita padooko alovi akuyanika usipa pathandala. Ndinakwera pa bwato logadabuzika n'kuwafotokozera zimene ndinaona pazenera. Ndinakokomeza, ndinati amayi ankakana kathumbako iye n'kuwakakamiza, ndinati atangokagwira maso anatembenuka. Wallahi, bodza ndinalinena ndi misozi yeniyeni. Anthu anasiya usipa pomwepo. Pofika pa mtengo wa mango tinali oposa makumi atatu, ena atatola miyala, ena zibonga, ine nkhafi paphewa.

Tinawapeza atakhala pamthunzi akusoka. Ukonde umene unali pamiyendo pawo unali wanga. Unang'ambika amayi akudwala, ndinauponya kuseri kwa nyumba, iwo n'kuutola popanda wowatuma. Ndinauzindikira bwinobwino, koma makutu ndi maso zinali zitatseka kale.

Anaimirira pang'onopang'ono, anayang'ana gulu lonse, kenako ine.

"Swadick, wabwera ndi anthu ambiri."

"Vula chithumwacho, mfiti iwe."

"Ichi chokha ayi. Dikira achemwali ako abwere, ndidzakupatsa ndi manja anga."

Nkhafi yoyamba inatera paphewa, ndinamva fupa likuti thyo. Anagwada. Yachiwiri inatera pambali pa mutu, khutu linang'ambika ndipo magazi anathovokera pa ukonde wanga uja. Pamenepo miyala inayamba kugwa ngati matalala. Wina anawaponda m'nthiti, wina anawakhoma chibonga kumsana. Mayi wina amene Che Avelino ankamusokera ukonde wa mwamuna wake ulere anabwera ndi chikuni chamoto n'kuchiponya padenga. Kanyumba kaja kanapsa nthawi yochepa, munalibe zambiri, mkeka, mpando umodzi ndi kamtanda kamtengo.

Che Avelino sanakuwe, sanapemphe kuti tiwasiye. Anangodzipinda pansi ngati bongololo, manja onse awiri atafumbata kathumba. Mwala wina unaphulitsa diso lakumanzere, koma manja sanamasuke. Ndinagwada pachifuwa pawo, ndinayamba kupinda zala zawo chimodzichimodzi. Ziwiri zinathyoka m'manja mwanga ndikumva. Pamene ndinkadula ulusi ndi mpeni, ankanong'ona china chake magazi ali m'kamwa, ndipo ndinawerama kuti ndimve matemberero awo ndidzauze anthu.

Ankati, "Usataye pansi, usataye pansi."

5

Ndinaimirira, ndinakweza kathumba m'mwamba anthu n'kukuwa kuti nding'ambe. Ndinang'amba chikopa chakunja. M'kati munali kansalu ka chitenje chakalekale, kofiira kosuluka, kokulungidwa kangapo. Ndinafunyulula. Munali kanthu kouma, kakuda, kopotoka, kosaposa kachidutswa ka fodya wopota. Wina anati ndi mchira wa khoswe, wina anati ndi chala cha mwana wakhanda, ndipo wina anayamba kale kufunsa petulo kuti timalize ntchito.

Ndi nthawi imeneyo pamene a Yasmin anatulukira. Anaona utsi ali pamsewu, analumpha kabaza isanaime, thumba la mpunga n'kuphulikira pansi. Anadutsa pakati pa gulu akukankha amuna ngati ana, anadzigwetsa pa thupi la Che Avelino n'kuwaphimba ndi mpango wawo. Atakweza mutu anaona chimene chinali m'dzanja langa.

"Ukudziwa chimene wagwiracho?" anandifunsa, mawu ali pansipansi.

"Ndi chimene chapha amayi."

"Ndi mchombo wako, Swadick. Amene wawaphwanyawa ndi bambo ako okubereka."

Miyala inayamba kugwa m'manja mwa anthu. A Yasmin ananena zonse pomwepo, atagwada m'magazi, mudzi wonse ukumva. Anati m'chaka cha 1988, iwo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pakhomo pathu panafika mwamuna atabereka mkazi kumsana, khanda lili m'manja. Anali atayenda m'thengo masiku ambiri kuthawa nkhondo. Mkaziyo dzina lake anali Lusia, anachira m'tchire popanda mzamba, ndipo mchombo wa khandalo unagwera panjira. Panalibe pakhomo poti aukwirire. Lusia anang'amba chitenje chake, anaukulunga n'kuuza mwamuna wake kuti adzaukwirire pamene mwanayo adzapeze kwawo. Anamwalira atagona masiku awiri okha m'khitchini mwa amayi.

Amayi nawo anali atangotaya khanda lawo sabata yomweyo, mabere akuwawa ndi mkaka. Ananditenga n'kundiyamwitsa. Che Hafiz anandiwerengera azana, mawu oitanira ku pemphero, m'khutu, anandipatsa dzina, ndipo akulu atatuwo, iwo, amayi ndi Che Avelino, anagwirizana kuti ndikule ngati mwana wa pakhomo, kuti pasadzapezeke wonditchula obwera. Akuluakulu ochepa amene ankadziwa anasunga pakamwa mpaka kumanda. Othawa nkhondo atayamba kubwerera, Che Avelino anakana kukwera lole. Amayi anawauza kambirimbiri kuti akwirire mchombowo pakhomo, iwo ankati adikira tsiku limene mwana adzawadziwe, asankhe yekha kwawo. Tsiku lija pazenera, amayi ankawapempha kuti awakhululukire chifukwa cha kuchedwa kundiuza.

Ndinayang'ana m'dzanja langa, ndinayang'ana munthu amene anagona pansi uja. Ndinawerama n'kusanza pomwepo. Nditadzutsa mutu, anthu makumi atatu aja anali atatha, tinatsala atatu ndi utsi.

6

Apolisi ananditenga madzulo omwewo, pamodzi ndi ena anayi. Sindinathawe, ndikanathawira kuti? Masiku oyamba m'chitolokosi ndinkamenyetsa mutu kukhoma mpaka anzanga kundimanga manja ndi malaya. Ndinkafuna wina andimenye monga ndinamenyera ine, koma panalibe wondichitira chifundo chimenecho.

Che Avelino sanafe. Anakhala m'chipatala miyezi itatu, anatuluka ndi diso limodzi, mkono wakumanja wolendewera ndi chifuwa chosalola kupuma bwino. Kusoka kunathera pomwepo. Tsiku la mlandu a Yasmin anawalowetsa m'khoti pa njinga ya olumala. Woweruza atawafunsa ngati akundidziwa, anatembenuza mutu wonse kuti diso lotsalalo lindipeze.

"Ndimamudziwa. Mchombo wake ndinadula ndine, ndi kansungwi. Ndi mwana wanga, bwana. Sankadziwa. Olakwa ndife amene tinamubisira."

Ndinkafuna kukuwa kuti bambo, koma sindinatero. Ndinali ndisanawatchulepo choncho, ndipo ndinaona kuti pakamwa panga sipoyenera. Ndinangogwira chitsulo cha m'bokosi la woimbidwa mlandu n'kuweramitsa mutu. Woweruza anandipatsa zaka zisanu ndi ziwiri. Potuluka Che Avelino ananditambasulira dzanja lawo lamanzere, koma wondilondera anandikoka tisanagwirane.

Ndinadziuza kuti ndikadzatuluka ndidzawatchula. Chaka chachiwiri a Yasmin anabwera kundende atavala mpango wakuda, ndipo asanatsegule pakamwa ndinadziwa. Chifuwa chija chinawatenga Che Avelino. Anamwalirira m'nyumba ya amayi, m'chipinda chimene ndinkagona ndili mwana, a Yasmin akuwamwetsa phala ndi sipuni. Shakila anali atabwerera kale ku Nkope, ndipo sindimuda. Ndinamva kuti anakwatiwanso, madokotala anapeza vuto lake n'kumuthandiza, pano ali ndi ana awiri amoyo.

7

Ndinatuluka chaka chatha, atandichotserako zaka ziwiri. Nditatsika pa Lungwena, anthu omwe aja amene anaponya nawo miyala ankandilozerana kuti obwera wopha bambo ake uja wabwera. Wina anandiuza m'maso kuti ndizipita kwathu ku Mozambique. Munda ndi nyumba ndi za mbumba ya amayi, mwini wake ndi a Yasmin, ndipo m'thupi mwanga mulibe dontho la magazi a pakhomopo. Akanandithamangitsa palibe akanawadzudzula. Ndinaima pa mpanda ngati mlendo n'kuodira.

A Yasmin anatuluka, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anati kodi pakhomo pako umaodiranso? Ndinawauza kuti ndangobwera kudzatsanzika, sindikuyenera kukhala pano.

"Kuyenera sukuyeneradi," anatero. "Ndinakukwiyira zaka zitatu, mpaka pano ndikakuona manjawo mtima umandiwawa. Koma bere limene ndinayamwa ine ndi lomwe unayamwa iwe. Ashehe amati ubale wa mkaka sufafanizika. Ndiwe mlongo wanga, ndilibe wina."

Ananditengera kumanda a Akhristu kuseri kwa sukulu, kumene ndinkadutsa tsiku lililonse ndili mwana. Panali mitumbira iwiri yoyandikana, wina watsopano, wina wakale wozunguliridwa ndi miyala ya kunyanja yoyalidwa bwino. Ndinagwada pakati n'kutchula mawu aja, bambo, mayi, kwa anthu amene sakanandiyankha.

Titabwerera analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu ndi kansalu kofiira kaja. Anakatola tsiku la chipwirikiti lija nditakagwetsa, ndipo bambo anakasunga pansi pa pilo mpaka tsiku lomaliza. Mawu amene anasiya anali akuti ndidzakwirire ndekha pamene ndafuna, kaya kuno kaya kutsidya kwa mapiri, iwo sadandaula.

Ndinapita pansi pa mtengo wa mango. Dothi la pamenepo likadali lakuda ndi phulusa. Ndinakumba, ndinaika kansalu kaja, koma ndinalephera kukwirira. A Yasmin anandisuntha, anati paja imeneyi ndi ntchito ya azimayi aakulu, ndipo wamkulu amene watsala ndi iwo. Anagwada n'kukwirira ndi manja awo. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi.

Inu amene mukuwerenga, ndamanga kanyumba pamalo pomwepo ndipo ndikuphunzira kusoka maukonde, ngakhale zala zanga n'zolimba. Sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Ndinkayesa kuti kwathu ndi dothi ndi magazi, ndipo chifukwa cha zimenezo ndinaphwanya magazi anga enieni pofuna kuteteza dothi limene silinali langa. Amene anandipatsa kwathu ndi mayi amene sanandibereke, bambo amene anavomera kutchedwa mfiti zaka makumi atatu kuti azingondiona ndikudutsa, ndi mlongo amene anali ndi chifukwa chokwanira chonditsekera chitseko. Ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene mumaitcha obwera, musanatole mwala mufunse kaye chimene inatsalira anzake onse atapita. Ndipo inu akuluakulu amene mukusunga chinsinsi cha mwana poti mukumuteteza, muuzeni lero mukadali ndi mpweya. Ine anachedwa kundiuza ndi theka la tsiku, ndipo mawu oti bambo ndinakawanenera pa mtumbira.